Wosuta fodya pakhomo la ntchito ku Rumphi

Boma la Rumphi limadalira fodya. Kuyambira ku Mhuju m'chigwa cha Henga kukafika ku Bolero ndi ku Hewe, chaka cha mlimi chimayendera tsamba limeneli: kufesa nazale mvula isanagwe, kuwokera ikagwa, kuthyola ndi kusoka chakumayambiriro kwa chaka, kenaka kudinda mabelo oti akwere lole kupita ku okushoni ya ku Mzuzu. Fizi ya ana, malata a nyumba ndi njinga zamoto zambiri zomwe zikuyenda m'misewu ya fumbi ya kumeneko zidachokera m'chigafa. N'chifukwa chake funso loti kodi wolemba ntchito ali ndi ufulu wokana munthu poti amasuta, likafika kuno, silimveka monga limamvekera ku Geneva kapena ku America komwe lidayambira. Maganizo anga ndi awa: bwana ali ndi mphamvu zonse zoletsa utsi pamalo ake a ntchito, ndipo azigwiritse ntchito mphamvuzo mosanyengerera, koma alibe chifukwa chomveka chotsekera munthu khomo kaamba ka ndudu yomwe amasutira kwawo ataweruka. Malamulo athu satchula fodya ndi dzina pankhaniyi, komabe ukawawerenga modekha amapendekera mbali imeneyi.

Mchitidwewu uli ndi kwawo. Mu Disembala 2005 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, la ku Geneva kuja, lidasiya kulemba ntchito anthu osuta. Chaka chomwecho kampani ya Weyco ku Michigan idachotsa antchito anayi omwe adakana kuyezedwa ngati amasuta. Chipatala chachikulu cha Cleveland Clinic chidatseka khomo kwa osuta mu 2007, ndipo mu 2020 kampani yobwereketsa magalimoto ya U-Haul idachita zomwezo m'zigawo 21 za America. Idalekezera pa 21 chifukwa zigawo zina 29 za dzikolo zili ndi malamulo oteteza osuta pantchito. Ku Ulaya, mu 2006, kampani ina ya ku Ireland itaika uthenga wa ntchito wouza osuta kuti asavutike n'kufunsira, Vladimír Špidla, yemwe panthawiyo ankayang'anira za ntchito mu European Commission, adayankha kuti malamulo a mgwirizano wa maiko a ku Ulaya oletsa tsankho sakhudza nkhani yotere. Tikuona pamenepa kuti maiko olemerawo sadagwirizane. Koma mfundo za makampani ndi mabungwe zimayenda limodzi ndi ndalama zawo, ndipo zomwe zalembedwa ku likulu lakutali zimatha kudzapezeka pa fomu yofunsira ntchito ya udalaivala kapena ulonda pa boma la Rumphi. Ndi bwino tidziwiretu yankho lathu fomu yotereyo isanatipeze.

Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 limaletsa tsankho potengera mtundu, khungu, kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi, chiyankhulo, chipembedzo, maganizo pa ndale, kochokera, ulumali, chuma ndi kubadwa, ndipo limamaliza ndi mawu otsegula khomo, akuti ngakhale potengera mmene munthu alili m'njira ina iliyonse. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 lidatenga mndandanda womwewu m'gawo 5, n'kuwonjezerapo za banja ndi udindo wosamalira a pabanja. Chachikulu m'gawo limeneli n'chakuti limateteza wantchito pamodzi ndi yemwe akungofunsira kumene, ndipo limatchula kalembedwe ka ntchito mwachindunji. Choncho mawu omwe mabwana ambiri amakonda, akuti kampani ndi yanga ndipo ndilemba yemwe ndamufuna, adasiya kukhala oona kotheratu kalekale. Mwini esiteti ku Bolero sangakane munthu poti ndi Mlomwe wochokera ku Phalombe, ndipo mwini sitolo sangakane mtsikana poti ndi wokwatiwa. Gawo 29 la malamulo oyendetsera dziko limapatsanso aliyense ufulu wogwira ntchito ndi kupeza zofunika pamoyo kulikonse m'Malawi, pomwe gawo 31 limanena za chilungamo pantchito. Funso lotsala ndi loti kodi kusuta kungalowe m'mawu omaliza aja a gawo 20.

Wotsutsa woyamba amayankha msanga kuti ayi. Amati mtundu ndi ulumali munthu sasankha, pomwe ndudu amakagula yekha pa okala, choncho lamulo lisateteze chizolowezi. Mawuwa ali ndi mphamvu ndithu, ndipo woweruza wina angathe kuwatsatira. Koma mndandanda womwewo uli ndi chipembedzo, maganizo pa ndale ndi ukwati, zinthu zomwe munthu amasankha ndipo amatha kusintha. Chomwe chimalumikiza zonse zili pamndandandapo si kusasankha ayi. N'chakuti zonsezi sizimuuza bwana kanthu za mmene munthu adzagwirire ntchito. Makhoti athu adasonyeza kale kuti mndandandawu sudatsekedwe. Mu 2005, pa mlandu wa Banda ndi Lekha, khoti lozenga milandu ya apantchito la Industrial Relations Court lidagamula kuti kuchotsa munthu ntchito poti wapezeka ndi kachilombo ka HIV ndi tsankho, ngakhale HIV sidalembedwe m'gawo 20. Pambuyo pake lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 lidaletsa olemba ntchito kukakamiza munthu kuyezetsa asanamulembe. Sindikuti kusuta n'chimodzimodzi ndi kukhala ndi kachilombo. Ndikutengapo mfundo imodzi yokha, yoti za m'thupi la munthu zimamukhudza bwana pokhapokha ngati zikulepheretsa ntchitoyo. Mfundo yomweyi ili m'pangano nambala 111 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, lomwe Malawi adalivomereza mu 1965. Panganolo limalola kusiyanitsa anthu ngati kusiyanitsako kukuchokera pa zomwe ntchito yeniyeniyo imafuna.

Tiyese muyeso umenewu pa ntchito za ku Rumphi, chifukwa kuno kuli malo omwe moto waung'ono ungaphe anthu. Mu mgodi wa malasha monga wa Mchenga, fumbi la malasha ndi mpweya wa pansi zimatha kuyaka, ndipo bwana amene amasecha matumba a antchito pakhomo la mgodi kuti machesi asalowe akuchita ntchito yake. Pa Nyika ndi ku Vwaza, udzu ukauma m'chilimwe, kachidutswa ka ndudu kotayidwa kangatenthe dera lalikulu. Chigafa chodzaza fodya wouma, chofoleredwa ndi udzu, chimapsa m'kanthawi kochepa, n'kupita ndi thukuta la banja la chaka chathunthu. M'chipatala muli odwala chifuwa ndi mabotolo a okosijeni, m'kalasi muli ana omwe amaonera aphunzitsi awo. M'malo onsewa chiletso n'choyenera, ndipo lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la 1997 limaika pamapewa a bwana udindo woteteza antchito ake. Wantchito wophwanya chiletso chotere angathe kuchenjezedwa, ngakhale kuchotsedwa, chifukwa gawo 57 la lamulo la ntchito limalola kuchotsa munthu pa chifukwa chomveka chokhudza khalidwe lake pantchito, bola apatsidwe mwayi wodziteteza. Koma taonani kuti zonsezi zikukamba za zomwe munthu akuchita ali pantchito. Wokumba malasha yemwe wasiya ndudu zake kunyumba, n'kukasuta madzulo atakhala pakhonde pake, sadaike moyo wa mnzake pachiswe mu mgodimo. Kumukaniza ntchito sikuwonjezera chitetezo chilichonse chomwe kusecha pakhomo kuja sikudapereke kale.

Palinso funso lomwe ochirikiza chiletso sakonda kulikhalira pansi: bwana adziwa bwanji kuti munthu amasuta? Akangofunsa pa fomu, wosuta wanzeru alemba kuti ayi, ndipo wolangidwa akhala wonena zoona yekha. Akafuna umboni, achita zomwe makampani a ku America amachita, kuyeza mkodzo kapena malovu pofufuza cotinine, chotsalira chomwe thupi limapanga likalandira nikotini. Apa ndi pomwe Rumphi ikusiyana ndi Cleveland. Wothyola fodya amalowa m'munda m'mamawa mame asanaume. Amathyola masamba a m'munsi n'kumawapanikiza kukhwapa, malaya amanyowa, manja amada ndi utomoni womata wa tsambalo, ndipo nikotini wosungunuka m'mamemo amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Pofika masana ena amamva chizungulire, mutu, nseru mpaka kusanza. Awa ndi matenda odziwika a fodya wamuwisi. Lipoti la bungwe la Plan International la 2009 lokhudza ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi lidati tsiku la chinyezi mwana angathe kulowetsa m'thupi nikotini wofika mamiligalamu 54, wofanana ndi wa ndudu pafupifupi 50. Choyezera sichisiyanitsa nikotini wolowa pakamwa ndi wolowa pakhungu. Mtsikana wa ku Hewe yemwe wakhoza Fomu 4, amene sadaikepo ndudu pakamwa chibadwire koma wakhala sabata yonse akuthandiza makolo ake kuthyola, angathe kulephera mayeso otere n'kubwezedwa ngati wosuta. Chimodzimodzi munthu amene akuyesetsa kusiya pogwiritsa ntchito mankhwala okhala ndi nikotini. Ndipo tisadafike n'komwe pa zolakwika za choyezera, gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo kusafufuzidwa m'thupi mwachisawawa. Kalaliki wa m'sitolo kupereka mkodzo kuti alembedwe ntchito yowerengera matumba a feteleza n'kumulanda ulemu popanda phindu lililonse.

Tionenso kuti chiletsochi chingagwere ndani. Kafukufuku wa STEPS wa 2009, yemwe unduna wa zaumoyo udachita mogwirizana ndi WHO, adapeza kuti pafupifupi mwamuna m'modzi mwa anayi alionse a zaka 25 mpaka 64 ankasuta, pomwe amayi anali ochepa kwambiri, pafupifupi atatu mwa 100. Kafukufuku wa zaumoyo m'mabanja amaonetsanso kuti kusuta n'kochuluka pakati pa osauka ndi omwe sadapite patali ndi sukulu. Wosuta wa ku Rumphi nthawi zambiri si bwana wa mu ofesi. Ndi waganyu wopichira chingambwe pa kapepala ka nyuzipepala, ndi mnyamata wonyamula mabelo, ndi bambo yemwe adabwera kuchokera kum'mwera kudzakhala tenanti pa esiteti n'kukulira pakati pa tsambalo. Mu 2021 nyumba ya malamulo idasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti, cholinga chake chili chakuti anthu amenewa azilembedwa ngati antchito enieni olandira malipiro. Kungakhale kusokoneza cholinga chimenechi kulola kuti pakhomo la ntchito yolembedwayo paikidwe sefa yomwe ikugwira iwowo poyamba. Ku America komwe, kafukufuku wa ku Stanford wofalitsidwa mu 2016 adatsatira anthu ofuna ntchito kwa chaka chimodzi, ndipo adapeza kuti mwa osasuta 56 pa 100 alionse adaipeza, pomwe mwa osuta adali 27 okha. Osuta amavutika kale kupeza ntchito popanda lamulo lowakaniza.

Wotsutsa wachiwiri ndi wa ndalama, ndipo uyu ndiye wolimba kuposa onse. Amati wosuta amadwaladwala, amajomba, amatuluka kawirikawiri kukasuta, ndipo lamulo lathu limakakamiza bwana kulipira wantchito wodwala, masabata anayi malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu theka la malipiro pachaka, akakhala kuti wagwira ntchito miyezi 12. Mwini chigayo kapena kamalo kogona alendo pa boma alibe thumba lakuya, ndipo nkhawa yake si yabodza. Koma mfundoyi ikalandiridwa ilibe polekezera. Wodwala shuga naye amadula. Wothamanga magazi, wonenepa kwambiri, wokonda mowa Loweruka, wokwera njinga yamoto wopanda chipewa, onsewa angathe kudzajomba. Mayi wa msinkhu wobereka angathe kudzapempha tchuthi cha uchembere, ndipo tidagwirizana kale monga dziko kuti kumukana pa chifukwa chimenechi ndi mlandu. Bwana akaloledwa kusankha anthu powerengera matenda omwe angadzadwale mtsogolo, ntchito idzatsalira okhawo amene thupi lawo likuoneka lotsika mtengo. Kujomba kuli ndi njira yake m'malamulo, ndipo nthawi yopuma bwana angathe kuiika yofanana kwa onse. Aweruze wantchito pa masiku omwe wajombadi. Tisaiwalenso kuti makampani a ku America adayamba izi makamaka chifukwa amalipirira antchito inshuwalansi ya chipatala yokwera mtengo, pomwe antchito ambiri a ku Rumphi akadwala amapita kuchipatala cha boma kapena cha mishoni, osati pa bilu ya bwana.

Wachitatu amayankhula ndi mtima wabwino. Amati fodya amapha, ndipo ngati kuopa kusowa ntchito kungachititse mnyamata kusiya, chiletsocho chapulumutsa moyo. Zoti fodya amapha n'zoona, ndipo palibe chifukwa chozichepetsera. WHO imati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo ndi osasuta omwe amangopuma utsi wa anzawo. Pafupifupi theka la osuta amene sasiya amafa ndi matenda obwera ndi fodyayo. Ndikufuna anthu a ku Rumphi asiye kusuta. Koma nikotini amamanga munthu, ambiri adayamba ali anyamata asadadziwe zomwe akulowa, ndipo osiya ambiri amagwa kangapo asadapambane. Munthu wobwezedwa pakhomo la ntchito sabwerera kunyumba ndi mphamvu zatsopano zosiyira. Amabwerera ndi nkhawa, ndi nthawi yambiri yongokhala, kumudzi komwe tsamba lopichira likupezeka mwaulere kuseri kwa chigafa. Ana ake ndi omwe amagona ndi njala, ndipo iwo sadasute. Malo a ntchito opanda utsi amachita zambiri kuposa khomo lotseka, chifukwa wosuta wolembedwa ntchito amakhala maola asanu ndi atatu patsiku osayatsa, ali pakati pa anzake osasuta, ndipo ali ndi malipiro omwe angamufikitse kwa dokotala.

Pali malo ochepa pomwe ndingavomereze kuti kusasuta ndi mbali ya ntchito yeniyeniyo. Munthu wolembedwa kuti aziyenda m'masukulu kuphunzitsa ana kuipa kwa fodya sangamatuluke pageti n'kuyatsa ndudu. Mpingo womwe chiphunzitso chake chimaletsa fodya, monga wa Seventh-day Adventist, ungathe kufuna kuti m'busa wake akhale wosasuta. WHO nayo idapereka chifukwa chotere, choti mbiri yake pankhondo yolimbana ndi fodya isadetsedwe. Koma chifukwa chimenechi chimathera pa maudindo omwe ntchito yake ndi uthengawo. Sichifika kwa mlonda wa usiku, wophika kapena wotchetcha kapinga pa bungwe lomwelo. Ndipo pali olemba ntchito ena omwe sangachigwire n'komwe. Fodya wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zomwe Malawi amapeza pa malonda. Tsamba lililonse lotuluka ku Rumphi limagulidwa chifukwa kwinakwake kuli munthu amene adzalisute. Mwini esiteti, wonyamula mabelo pa lole kapena wamalonda yemwe sitolo yake imadzaza msika wa fodya ukatsegulidwa sanganene ndi mtima woona kuti wosuta akudetsa dzina la bizinesi yake. Dziko lomwe limakondwera mitengo ikakwera ku Mzuzu, Chinkhoma, Kanengo ndi Limbe liyenera kusamala lisadapange wosuta wosauka kukhala munthu wosayenera ntchito.

Kufooka kwa zonse ndanenazi kuli poti ufulu wolembedwa papepala sufika wokha kwa munthu. Wochotsedwa ntchito ali ndi pogwira, chifukwa gawo 61 la lamulo la ntchito limati bwana ndiye ayenera kupereka chifukwa chomuchotsera. Wokanidwa pakhomo nthawi zambiri sauzidwa kanthu. Amangoona kuti sadaitanidwe, ndipo ngakhale atadziwa chifukwa, ulendo wa ku khoti la apantchito ku Mzuzu umafuna ndalama zomwe munthu wosowa ntchito alibe. N'chifukwa chake nkhaniyi siyenera kudikira woweruza. Malawi adalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023, patapita zaka zambiri akuzengereza, ndipo malamulo otsatira panganolo ayenera kulembedwa. Gawo 8 la panganolo limafuna kuti anthu atetezedwe ku utsi m'malo a ntchito, m'magalimoto onyamula anthu ndi m'malo opezekamo anthu ambiri. Gawo 14 limafuna kuti ofuna kusiya athandizidwe. Gawo 17 limakamba zopezera alimi ndi antchito a fodya njira zina zopezera ndalama. Palibe gawo lomwe limauza olemba ntchito m'dziko kuti azibweza osuta. Aphungu a ku Rumphi, omwe akuimira alimi a tsambali komanso olisuta, ndiwo oyenera kukaonetsetsa kuti lamulo loletsa utsi pantchito likamalembedwa, mukhalenso ndime yoletsa kufunsa kapena kuyeza wofunsira ntchito za fodya, kupatula pa maudindo ochepa omwe bwana angasonyeze poyera kuti ntchitoyo singatheke ndi munthu wosuta.